Mwana "Wosamva": Mtovu, Mawu ndi Sukulu za Mkaka ku Chililalila, Kabwe

M'nkhani ino tifuna kusanthula mneni mmodzi, kumva, ndi kuonetsa momwe matanthauzo ake angapingire mwana wofunika chithandizo chapadera pamene akulowa sukulu ya mkaka. Taika maso pa Chililalila, limodzi mwa madera a tauni ya Kabwe m'chigawo chapakati cha dziko la Zambia, popeza ku Kabwe kuli vuto lomwe limapweteka mwana mkati, thupi lake n'kumaoneka labwinobwino.

Tauniyi inkatchedwa Broken Hill mpaka chaka cha 1966. Miyala ya mtovu ndi zinki idapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi udagwira ntchito kufikira 1994. Utatsekedwa, padatsala chimulu cha zinyalala za mgodi chomwe anthu amachitcha Black Mountain, komanso dothi la m'makomo oyandikana nalo lidatsala lodzala mtovu. Kafukufuku yemwe John Yabe ndi anzake adafalitsa mu 2015 adayeza magazi a ana osakwana zaka 7 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo ana onsewo adapezeka ndi mtovu woposa mamayikulogalamu 5 pa desilita (gawo limodzi mwa magawo khumi a lita). Muyeso umenewu ndi womwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika mu 2021 kuti ukakwana, gwero la mtovu lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Fumbi la m'chilimwe silidziwa malire a madera, choncho mlezi wa ana ku Chililalila sangaiyese nkhaniyi ya anthu ena.

Mwana wamng'ono ndiye amavulala kwambiri. Iye amakwawa, amaseweretsa dothi, ndipo chilichonse amapititsa kukamwa. Matumbo ake amayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa a munthu wamkulu, makamaka ngati m'mimba muli njala kapena thupi likuperewera ayironi ndi kashiyamu. Ukafika mu ubongo womwe ukukula, mtovu umachedwetsa kuyankhula, umachepetsa chidwi, umasokoneza chikumbumtima cha zophunzira, ndipo utha kufooketsanso makutu. Mwana wotere sayendera ndodo ayi. Amathamanga ndi anzake monga mwa masiku onse. Chimene mlezi amaona n'chakuti akamuuza kanthu sachita. Apa ndi pomwe chiyankhulo chimalowerera.

Taonani ziganizo izi:

(1) Kwezani mawu, sindikumva.
(2) Fotokozaninso, sindinamve tanthauzo lake.
(3) Mwana uyu samva, ngwamwano.

M'chiganizo choyamba kumva ndi ntchito ya khutu. M'chachiwiri ndi ya nzeru. M'chachitatu ndi ya khalidwe. Chibemba, chomwe chimayankhulidwa kwambiri m'tauni ya Kabwe pamodzi ndi Chinyanja ndi Chilenje, chili ndi mneni ukumfwa womwe umasenza matanthauzo omwewa. Tsono mlezi akati "mwanayu ndi wosamva", mawuwo paokha sanena kuti vuto lili pati mwa malo atatuwa. Koma womvera aliyense, kholo kapena mphunzitsi wamkulu, amathamangira ku tanthauzo lachitatu, pakuti m'mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku "wosamva" ndi dzina la mwana wa nkhutukumve. Chotsatira chake, mwana yemwe amafunika kupimidwa makutu kapena kuuzidwa zinthu pang'onopang'ono amalandira chidzudzulo, kenaka amakankhidwira kumbuyo kwa mphasa, ndipo mapeto ake makolo amauzidwa kuti ayambe amsunga kunyumba "mpaka atakhwima". Palibe amene wamuthamangitsa mwadala; mneni ndiwo waweruza mlandu usanazengedwe.

Kuzama kwa nkhaniyi kukuoneka bwino m'ntchito ya Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia, yemwe m'zaka za m'ma 1970 adafufuza momwe Achewa a m'boma la Katete amaonera nzeru za mwana, ndipo adazilemba m'buku lake la 1993, The Significance of Schooling. Iye adapeza kuti akuluakulu salekanitsa nzeru ndi khalidwe: mwana wanzeru ndi wochenjera, inde, komanso ndi wotumikira, ndiye kuti womvera ndi wokhulupirika akatumidwa. Ife tikuona kuti kaganizidwe kameneka n'kolemera kuposa mayeso a pa pepala, chifukwa kamapatsa mpata mwana wochedwa kuwerenga kuti aoneke wanzeru potunga madzi kapena polera mng'ono wake. Komabe kali ndi msampha. Ngati kumvera ndi chigawo cha nzeru, mwana amene waiwala zomwe wamutuma asanafike pakhomo amataya zonse ziwiri nthawi imodzi: amatchedwa wopusa ndiponso wamwano.

Pa mayina a ulumali wooneka sitichulukitsa gaga. N'zodziwika kuti mawu monga chilema, chitsiru ndi chidzete ali m'gulu la Chi-Zi, osati la Mu-A momwe muli munthu ndi mwana, moti agwirizanitsi ake amamuyankhula mwana ngati chinthu: "chija chabwera". Alezi ambiri adaphunzira kale kunena "mwana wa ulumali". Mawu akuti "wosamva" ndiwo oopsa kuposa amenewa, chifukwa samveka ngati chipongwe, ndipo palibe amene amawaletsa.

Malamulo alipo. Dziko la Zambia lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2010, ndipo lidakhazikitsa lamulo lake la anthu a ulumali mu 2012. Makalasi a mkaka adayamba kutsegulidwa m'sukulu za pulayimale za boma cha m'ma 2013 ndi 2014, ndipo kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za boma adakhala aulere kuchokera ku mkaka mpaka sekondale. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera akhala akusulidwa ku ZAMISE mumzinda wa Lusaka kuyambira 1971. Zonsezi zimathandiza mwana yemwe vuto lake lazindikirika. Koma lamulo silingafikire mwana amene m'kaundula wa sukulu ndi m'maganizo a mlezi adalembedwa kale kuti ndi wovuta chabe.

Choncho tikupempha kuti posula alezi, m'chiyankhulo chilichonse cha ku Kabwe, mneniyu azigawidwa patatu, mlezi azidzifunsa mwandondomeko. Kodi mawu afika m'khutu? Aime kumbuyo kwa mwana ndi kumuitana motsitsa. Ngati satembenuka kangapo konse, nkhaniyo ndi ya kuchipatala. Kodi uthenga wamveka? Amutume chinthu chimodzi m'malo mwa zitatu, amuonetse ndi manja, amupemphe abwereze zomwe wauzidwa. Pokhapokha mafunso awiriwa atayankhidwa ndi pomwe lachitatu, la khalidwe, lingafunsidwe. Mwana wotere akhale kutsogolo poona pakamwa pa mlezi, ndipo apatsidwe mnzake woyenda naye m'nyimbo ndi m'masewera, monga momwe ana kumudzi amaphunzitsirana okha.

Pouza makolo, kusankha mawu n'kofunikanso. Mlezi akati, "Mayi, mwana wanu samva," mayiyo amva kuti alephera kulera, ndipo mwina sabweranso. Akati, "Mayi, ndaona kuti ndikamuitanira kumbuyo satembenuka, bwanji mukamupimitse makutu ndi magazi," watchula chomwe waona popanda kuweruza. Sikuti mwana aliyense wochedwa kuyankhula ku Kabwe wapwetekedwa ndi mtovu. Kupima magazi kokha ndiko kungatsimikize. Mankhwala ochotsa mtovu m'thupi amaperekedwa kawirikawiri muyeso ukafika mamayikulogalamu 45, ndipo sabwezeretsa zomwe zidaonongeka kale mu ubongo. N'chifukwa chake sukulu yeniyeniyo iyenera kuchepetsa fumbi: kukolopa m'malo mosesa pouma, kuyala mphasa, kubzala kapinga pabwalo, kusambitsa ana m'manja asanadye, ndi kuwapatsa phala la nsinjiro m'mawa, pakuti m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa msanga m'magazi.