Mzinda wa Pamtunda ndi Nyanja Yakutali: Zimene Alangizi Angaphunzire ku Bulawayo

Mlangizi wochokera ku Ngabu kapena ku Tete akafika ku Matopos m'mwezi wa Juni, chinthu choyamba chimene amapempha ndi bulangete lachiwiri. M'mamawa udzu wa m'madambo umapezeka utayera ndi chisanu, masamba a tomato ndi a maungu atada ngati awauka ndi moto. Mlendoyo amadabwa, pakuti anamva kuti Matabeleland ndi dziko louma, la minga ndi ng'ombe, ndipo kwawo kuchigwa kuuma ndi kutentha zimayendera limodzi. Kuno siziyendera limodzi, ndipo chifukwa chake ndi kukwera kwa malo.

Mzinda wa Bulawayo uli pa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Malo a kafukufuku a Matopos, omwe ali makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzindawu, ali pa msinkhu wofanana ndi umenewu. Mpweya umazizira munthu akamakwera: pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 6.5. Izi zimachitika chifukwa dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndi imene imatenthetsa mpweya. Mpweyawo ukamakwera umafutukuka popeza kulemera kwa mpweya wina pamwamba pake kwachepa, ndipo pofutukukapo umazizira. Pa chaka chonse, kutentha kwa pakatikati ku Bulawayo ndi madigiri pafupifupi 19. Mzindawu ukanakhala m'mphepete mwa nyanja, bwenzi uli pa madigiri 27 kapena 28.

Lamulo limeneli lilipo m'maiko onse a chigawo chino, ndipo alangizi amaliona tsiku ndi tsiku ngakhale sanalilembe m'kope. Mzinda wa Tete uli pa mamita osafika 200, pomwe Ulónguè ku Angónia, m'chigawo chomwecho, ali pa mamita pafupifupi 1,300. N'chifukwa chake mbatatesi imachita bwino ku Angónia ndi ku Tsangano koma singalimidwe m'dzinja ku Tete. Ku Malawi, malo otsikitsitsa ali kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'dziko, pa mamita 37, pamene Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Ku Zimbabwe, malo otsikitsitsa ndi pamene mitsinje ya Save ndi Runde imakumana, pa mamita 162, ndipo phiri la Nyangani limafika mamita 2,592.

Kukwera kumapereka kuzizira, koma sikulonjeza mvula

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mzinda wa Lichinga ku Niassa uli pa msinkhu pafupifupi wofanana ndi wa Bulawayo, koma umalandira mvula yopitirira mamilimita 1,000 pa chaka, pomwe Bulawayo amalandira pafupifupi mamilimita 600, ndipo m'zaka zoipa safika n'komwe pamenepo. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280, m'munsi pang'ono mwa Bulawayo, komabe mvula yake ndi yochulukirapo.

Kusiyanaku kumachokera pa malo amene mizindayi ili kuchokera ku equator. Mvula ya dzinja imabwera ndi lamba wa mitambo yemwe amatsikira kumwera chaka ndi chaka, pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zimakumana. Lichinga ali pa madigiri 13 kumwera kwa equator, mkati mwa njira ya lambayo. Bulawayo ali pa madigiri 20, kumapeto kwenikweni kwa njirayo, ndipo zaka zina lambayo amabwerera asanafike bwino. Nayo mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya India imayamba yakhuthula madzi ake pa mapiri a Nyanga ndi Chimanimani, monga momwe chiperoni chimakhuthulira madzi ku Mulanje ndi ku Thyolo, n'kufika kumadzulo itauma. Pa mapu a madera a ulimi amene Vincent ndi Thomas anakonza cha m'ma 1960, Bulawayo anaikidwa m'dera lachinayi, la mvula ya pakati pa mamilimita 450 ndi 650, komwe chimanga ndi mbewu ya mwayi.

Pali vuto linanso la malo okwera limene silitchulidwa kawirikawiri. Bulawayo anamangidwa pamsana pa dziko, pamene madzi amagawikana: a kumpoto amapita ku Zambezi, a kumwera ku Limpopo. Pamsana sipadutsa mtsinje waukulu. Madzi onse amathawapo. Madamu a mzindawu, monga Umzingwane, Inyankuni, Insiza, Mtshabezi ndi madamu awiri a Ncema, ali kumwera ndi kumwera chakum'mawa, m'munsi mwa mzinda, kotero madzi amachita kupopedwa kuti akwere. Pambuyo pa chilala cha 1991/92 anakumba zitsime zakuya ku Nyamandlovu kuti zithandize. Maganizo otunga madzi ku Zambezi anayamba m'chaka cha 1912, koma nyanja ya Kariba ili pa mamita osafika 500, ndiye kuti madziwo ayenera kukwezedwa mamita oposa 800. Pofika m'chaka cha 2024, damu la Gwayi-Shangani, lomwe ndi gawo loyamba la ntchitoyo, linali lisanathe. M'chaka cha 2020 mipopi ya m'makomboni inkauma maola 144 pa sabata. Pakati pa amene ankapanga mizere ndi zidebe ku Makokoba ndi ku Sizinda panali zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale.

Mapira a ku Matopos

Kuyambira m'chaka cha 1983 mpaka 2003, Matopos anali likulu la ntchito ya SADC ndi ICRISAT yotukula mapira ndi mchewere. Mitundu yodziwika ya nthawi imeneyo ndi monga Macia, amene anafalikira ku Mozambique, Botswana, Zimbabwe ndi maiko ena, komanso Pilira 1 ndi Pilira 2 amene anavomerezedwa ku Malawi m'chaka cha 1993. Akatswiriwo anakumana ndi nkhani ya kukwera kwa malo kuyambira pachiyambi. Nyengo yachisanu ku Matopos siilola mapira kukula, choncho mbewu zina ankapita nazo ku Muzarabani, m'chigwa cha Zambezi, kukazilima ndi mthirira kuti apeze mibadwo iwiri pa chaka chimodzi. Ulendo wotsika mamita pafupifupi 900 unkawapatsa dzinja lachiwiri.

Mbewu siiwerenga masiku monga amawerengera munthu pa kalendala. Imasonkhanitsa kutentha. Mapira sakula kwenikweni kutentha kukakhala pansi pa madigiri pafupifupi 10, kotero akatswiri amachotsa 10 pa kutentha kwa pakatikati kwa tsiku lililonse n'kumaphatikiza zotsalazo. Pongoyerekeza, mtundu wina ungafune miyeso 850 kuti uchite maluwa. Kuchigwa, komwe tsiku la dzinja lili pa madigiri 27, mbewuyo imapeza miyeso 17 pa tsiku ndipo imachita maluwa pa masiku 50. Pamtunda, komwe tsiku lili pa madigiri 21, imapeza miyeso 11 yokha ndipo imatenga masiku 77. Mbewu ndi yomweyo, koma kusiyana kwake ndi pafupifupi milungu inayi. (Mitundu ina yamakolo imamveranso kutalika kwa usiku, ndipo imeneyo ili ndi nkhani yakeyake.)

Milungu inayi imeneyi ndi imene imagawa nkhokwe yodzaza ndi nkhokwe yopanda kanthu. Mtundu wolembedwa kuti ndi wocha msanga ku Kasinthula ukhoza kuchedwa pamtunda, n'kudzachita maluwa mu Epulo mvula itatha, usiku utayamba kuzizira. Ndipo usiku ukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 13 pa nthawi ya maluwa, mungu wa mapira umafooka, ngala zimatuluka zamphwephwa. Nawo mtundu wa pamtunda ukatsikira kuchigwa umathamanga, n'kucha mvula idakagwa, ndipo njere zimachita nkhungu kapena kutha ndi mbalame chifukwa ndi munda wokhawo umene wacha m'mudzi monse. Mlangizi amene wabweretsa mbewu kuchokera kutsidya kwa malire osafunsa msinkhu wa malo amene inayesedwa, ndiye amene adzayankhe mafunso a achikumbe pa nthawi yokolola.

Nyanja ikukwera: nanga za pamtunda n'zotani?

Lipoti la bungwe la IPCC la m'chaka cha 2021 linanena kuti nyanja zamchere zinakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018. Liwiro lake likukula: mamilimita 1.3 pa chaka pakati pa 1901 ndi 1971, koma mamilimita 3.7 pa chaka pakati pa 2006 ndi 2018. Zifukwa zake zikuluzikulu ndi ziwiri: madzi akatentha amafufuma, ndiponso madzi oundana a pa mapiri, a ku Greenland ndi a ku Antarctica akusungunuka. Pofika 2100, lipotilo likuyembekeza kukwera kwina kwa pakati pa masentimita 28 ndi mita imodzi, kutengera kuchuluka kwa utsi umene maiko apitirize kutulutsa.

Achikumbe ena atamva zimenezi pa wailesi amafunsa ngati kusefukira kwa nyanja ya Malawi, kumene kunamiza malo ena ku Mangochi ndi ku Salima m'chaka cha 2024, n'kumeneku. Yankho n'lakuti ayi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo imakwera kapena kutsika ndi mvula yogwa m'madera amene amaithira madzi. Ndipo ku Bulawayo, masentimita 20 pa mamita 1,350 ndi kanthu kosaoneka. Sikusintha kutentha kwa mzindawu ngakhale ndi kachigawo kamodzi pa magawo zana a digiri.

Koma chimene chikukweza nyanja chafika kale pamtunda. Lipoti lomwelo linati zaka za 2011 mpaka 2020 zinali zotentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, ndipo mkati mwa chigawo cha kumwera kwa Africa mukutentha mofulumira kuposa pakatikati pa dziko lonse. Lamulo lija likatembenuzidwa, digiri imodzi ndi yofanana ndi mamita pafupifupi 150. Ndiye kuti munda umene sunasunthe pamalo pake uli ngati watsetsereka mamita 150 kulowera kuchigwa, ndipo madigiri awiri adzautsitsa mamita 300. Mpweya wotentha umamwanso madzi ambiri, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse pa digiri iliyonse, kotero mamilimita 600 a lero sakhalitsa m'nthaka ndi m'madamu monga ankakhalitsira mamilimita 600 a nthawi ya makolo. M'chaka cha 2020 boma la Zimbabwe linakonzanso mapu aja a Vincent ndi Thomas, ndipo dera lachisanu, louma koposa, linapezeka litakula n'kugawidwa pawiri.

Tizilombo nato timatsata kutentha. Kapuchi wa mtundu wa Busseola fusca ndi wa malo okwera, pamene Chilo partellus, yemwe anachokera ku Asia, anakhazikika m'malo otsika. Koma wachiwiriyu wakhala akupezeka m'malo okwererapo kusiyana ndi kale. Ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi, komwe akatswiri akhala akuwerenga ntchentche za kashembe kwa zaka zambiri, chiwerengero chake chatsika kwambiri kuyambira cha m'ma 1990 pamene chigwacho chikutentha mopitirira, ndipo nkhawa ndi yakuti malo okwererapo, omwe kale anali ozizira kwa ntchentchezi, akhoza kuyamba kuzikomera. Kwa dziko la ng'ombe ngati Matabeleland, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Ndipo nyanja yeniyeniyo ili ndi njira yake yofikira pamtunda, yomwe ndi doko. Mafuta a galimoto ambiri a ku Zimbabwe amadzera ku Beira m'paipi yopita ku Feruka pafupi ndi Mutare, ndipo feteleza wambiri wa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amatsikira pa doko lomwelo. Beira ndi mzinda wa pa chidikha, ndipo mbali zina zake zili pa msinkhu wa madzi nyanja ikadzaza. Namondwe wa Idai atafika usiku wa pa 14 Malichi 2019, msewu waukulu wochokera ku Beira unaduka kwa masiku angapo, ndipo anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Nyanja yokwera siiyambitsa namondwe, koma mafunde ake amayambira pa msinkhu wokwererapo, kotero amalowa patali, n'kusiya mchere m'minda ya mpunga ya ku Sofala ndi kumathero a Zambezi. Feteleza akachedwa pa doko milungu itatu, mlimi wa ku Dedza kapena wa ku Chipata amabereka chimanga chake mochedwa, ngakhale sanaonepo nyanja yamchere chibadwire.

Malipoti ambiri a minda yachitsanzo amene amadutsa malire amatchula dzina la mbewu, tsiku lobzala ndi zokolola, koma osatchula msinkhu wa malo. Lero lamya ya m'manja yokhala ndi GPS imapereka nambala imeneyi m'kamphindi, ndipo ngakhale italakwa ndi mamita 20, cholakwacho sichifika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a digiri. Lipoti lolembedwa kuti "mamita 1,100, maluwa pa masiku 64" lingagwiritsidwe ntchito ndi mlangizi wa ku Msekera, wa ku Chitedze ngakhale wa ku Gwanda. Mpofunikanso kulemba ngati mundawo uli pachitunda kapena m'dambo, pakuti usiku wopanda mitambo mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'munsi. N'chifukwa chake ku Matopos dimba la m'dambo limapsa ndi chisanu pamene lina, lomwe lili mamita 20 okha pamwamba pake, limacha lili lobiriwira.