CHILUMBA CHA MBENJI NDI MALAMULO AKE

Anzanga ambiri pano pa seminale akamva kuti kwathu ndi ku Salima, amaganiza za mchenga wa ku Senga Bay, mahotela ndi azungu okwera maboti kupita ku kachilumba ka Namalenje kukaona ng'azi. Zimenezo zilipodi, ndipo alendo ena amafika mpaka ku zilumba za Maleri kukaona timbuna tamawangamawanga m'miyala. Zilumbazi zili m'dera la Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Koma ine ndikufuna ndikufotokozereni za chilumba china chimene alendo sachidziwa kwenikweni, chonsecho ndi chimene chimandilipirira fizi.

Mbenji ali kumpoto kwa boma la Salima, m'dera la Mfumu Makanjira. Asodzi amanyamukira pa doko la Chikombe. Malume anga ndi mmodzi mwa iwo, ndipo pa tchuthi china anandilola kuwaperekeza. Nsomba yodziwika kumeneko ndi utaka, umene umasonkhana pa miyala ya pansi pa madzi yomwe asodzi amaitcha chirundu. Amaugwira ndi khoka la chilimira: maboti awiri amaponya khokalo mozungulira, kenaka alovi amakoka zingwe mpaka likhale ngati thumba. Kuonerera kumakoma, koma nditayesa kukoka nawo manja anga anatuluka matuza tsiku lomwelo.

Chimene chinandidabwitsa ndi malamulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a dera limeneli amatseka chilumbachi nyengo ya dzinja. Mu Disembala aliyense amachoka, ndipo palibe woponya khoka mpaka mfumu itatsegulanso mu Epulo pa mwambo waukulu. Ngakhale nyengo yotsegula, pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndiponso amayi saloledwa kufikako. Wophwanya lamulo amatengeredwa ku bwalo, kulipitsidwa, mwinanso kuthamangitsidwa.

Ndinafunsa malume chifukwa chake. Iwo anati akuluakulu akale ankaopa kukwiyitsa mizimu ya pachilumbapo, komanso mphezi za m'dzinja. Ena a inu mwina museka nkhani ya mizimuyi, monga ndinachitira ine. Koma taganizani zomwe tinaphunzira mu Biology. Utaka, chambo ndi mbuna ndi nsomba zosunga mazira ndi tiana m'kamwa mwa mayi. Mukagwira nsomba imodzi yaikazi pa nthawi yoswana, mwapha ana ake onse pamodzi. Tsono miyezi inayi imene khoka silikhudza madzi a pa Mbenji imapatsa nsomba mpata woswana ndi kukula. N'chifukwa chake asodzi a ku Nkhotakota, Mangochi ngakhale a kumpoto amathamangira kumeneko chilumba chikatsegulidwa.

Yerekezani ndi magombe ena. Ku Senga Bay usiku nyanja imawala ngati tauni chifukwa cha nyali za kauni: siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake kuitana usipa, anzake n'kuzinga ndi chilimira. Umenewo ndi usodzi wodziwika, koma palinso ena amene amasoka masikito n'kumakokola timwana ta nsomba m'mbali mwa nyanja. Boma lili nayo nyengo yake yotseka, koma alangizi ndi ochepa ndipo gombe ndi lalitali. Pa Mbenji mlonda ndi msodzi mnzako amene mumadya naye nsima. Chambo chimene makolo athu ankadya ngati ndiwo wamba, lero ambiri a ife timangochiona pa mbale za m'mahotela.

Lamulo loletsa amayi ndi limene sindinalimvetse bwino, pakuti ndi amayi omwewo amene amadikira pa Chikombe kugula utaka, kuuyanika pa thandala ndi kukaugulitsa ku Lilongwe. Malume anangoti, "Mphwanga, zinazi udzafunse kwa amfumu."

Za kuletsa mowa sindinafunse n'komwe. Pobwerera tinakumana ndi mwera, mphepo ya kummwera imene imavuta kwambiri mu Juni ndi Julayi. Mafunde ankalowa m'boti, ine ndikukapa madzi ndi chigubu chodula, malume ali chete pa injini, maso ali pa funde lililonse. Tinafika pa Chikombe dzuwa litalowa, utaka wathu uli wonse.