Fodya ndi Chamba Pakati pa Ophunzira a ku Mzimba

Mphunzitsi watsopano amene watumizidwa ku sukulu za ku Mzimba Boma, Jenda kapena Embangweni ayenera kudziŵa kuti kumeneko fodya si mlendo. Ana ambiri anakulira pafupi ndi chigafa. M'Chitumbuka amamutcha hona, ndipo m'mabanja ena ndiye amagula makope ndi yunifomu. Tikangoyamba phunziro ndi mawu akuti fodya ndi woipa, mwana amamva ngati tikunyoza ntchito ya atate ake, ndipo amatseka makutu.

Nchifukwa chake timalangiza kuyamba ndi nikotini, mankhwala amene ali m'tsamba la fodya. Nikotini amafika ku ubongo msanga munthu akangokoka utsi, ndipo ubongo wa wachinyamata, popeza ukadali kukula, umazoloŵera mofulumira kuposa wa munthu wamkulu. Chingambwe chopichira m'pepala la kope chili ndi nikotini yemweyo wa mu ndudu ya m'sitolo. Ana ambiri amaganiza kuti cha kumunda nchosaopsa.

Koma pali china chimene aphunzitsi amalakwitsa. Nikotini amaloŵanso kudzera pakhungu pamene munthu akuthyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan linatulutsa zimene linapeza pocheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndipo linati mwana angathe kulandira nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku. Tsono mwana akafika m'kalasi mwezi wa February akumva chizungulire, mutu ndi mseru, tisathamangire kunena kuti wasuta. Timufunse kaye kumene anali m'mamaŵa. Kumulanga mwana wotere nkumuonjezera katundu amene sanasankhe yekha.

Za chamba tilankhule mosabisa, pakuti ana a Sitandade 7 ndi 8 amazidziŵa kale. Ena amatsutsa kuti boma linaloleza chamba. Lamulo la 2020 linangoloza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta ndi mlandu ndithu. Ena amati chimathandiza kuŵerenga usiku, pamene zoona zake nzakuti chimafooketsa mphamvu yokumbukira zimene munthu wangophunzira kumene. Bodza limeneli limafala kwambiri mayeso akayandikira.

Tikamukayikira mwana, tisamuimike pa asembule. Woyalutsidwa pagulu kaŵirikaŵiri amathaŵa sukulu nkukakhazikika kwa anzake omwe anamuphunzitsa kusuta. Timuitane payekha, tilembe masiku amene wajomba ndi mmene malikisi ake atsikira, kenaka tiwonane ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi makolo. Ngati wayamba kulankhula zosokonekera kapena kusagona, imeneyo si nkhani ya chilango: apite ku chipatala cha boma pa Mzimba, kapena ku St John of God ku Mzuzu, kumene amathandiza odwala maganizo ndi ozoloŵera mankhwala ozunguza bongo.