Kumasulira malamulo a mpikisano wa makina opatsirana mphamvu m'sukulu

DEDZA – Mpikisano wa sayansi wa ana asukulu ukathera mu mkangano, kawirikawiri gwero lake limakhala mawu a m'malamulo amene aphunzitsi ndi oweruza anawamva mosiyana. Vutoli limakula pa mpikisano wa makina opatsirana mphamvu, momwe chinthu chimodzi chimagunda chinzake, chinzakecho n'kuyambitsa china, mpaka ntchito yaing'ono monga kuliza belu itachitika.

Makina oterewa amadziwika ndi dzina la Rube Goldberg, katswiri wojambula zithunzi zoseketsa wa ku America yemwe anabadwa mu 1883 n'kumwalira mu 1970. Iye ankajambula makina ochita ntchito yophweka m'njira yozungulira dala. Ophunzira a pa yunivesite ya Purdue anayamba kupikisana popanga makinawa mu 1949, ndipo mu 1988 mpikisanowu unafalikira dziko lonse la America. Mu 2012 gulu la ophunzira a pa Purdue linapanga makina a masitepe 300 omwe ntchito yake inali kufufumitsa baluni ndi kuliphulitsa. Bungwe la Science Olympiad la m'dziko lomwelo lilinso ndi mpikisano wofanana nawo wotchedwa Mission Possible.

Kuno kwathu ophunzira anazolowera zionetsero za sayansi monga chimene sukulu ya Kamuzu Academy yakhala ikuchititsa ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Akuluakulu a maphunziro amene angafune kuonjezera makina opatsirana mphamvu pa zionetsero za m'maboma ayenera kudziwa kuti kukopera malamulo akunja sikokwanira. Kumasulira kwake kuyenera kulembedwa ndi kufika m'sukulu zonse ana asanayambe kukhoma msomali.

Mkangano woyamba umabuka pa funso loti sitepe n'chiyani. Mwana aliyense wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka amalidziwa diwa. Mbewa ikakhudza nyambo, kamtengo kotchera kamafwamphuka, mtengo wochirikiza n'kusuntha, mwala n'kugwa. Mphunzitsi angawerenge masitepe anayi pamenepa, pomwe woweruza angawerenge atatu ponena kuti kukhudza nyambo ndi koyambitsira chabe. Onse awiri sanalakwe ngati lamulo silinanene za choyambitsira.

Malamulo a mpikisano wa Rube Goldberg amati sitepe ndi kusamuka kwa mphamvu kuchoka pa chochitika china kupita pa chinzake, ndipo zochitika zofanana zotsatizana zimawerengedwa kamodzi. Choncho timatabwa 40 toimikidwa pamzere tikagwetsana, imeneyo ndi sitepe imodzi, osati 40. Nanga timatabwa tikagwetsa mabotolo oimikidwa chimodzimodzi? Zinthuzo zasintha koma kagwedwe kake ndi komweko. Woweruza wotsata cholinga cha lamulo adzati ndi sitepe imodzi, chifukwa lamuloli linaikidwa pofuna kuti ana aonetse njira zosiyanasiyana zosamutsira mphamvu. Gulu limene linadalira mabotolowo kuti likwanitse chiwerengero chofunika lidzatuluka mu holo likudandaula kuti laberedwa, ntchito ya teremu yonse itapita pachabe.

N'chifukwa chake ku Mission Possible gulu lililonse limapereka kwa oweruza mndandanda wolembedwa wa masitepe ake makina asanayambe kuyenda. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo m'boma ngati Dedza ingathandize kwambiri mndandandawo utatumizidwa milungu ingapo tsikulo lisanafike, kuti gulu limene lawerenga molakwa likhale ndi mpata wokonza.

Nkhani ya chiyankhulo nayo ndi yosapeputsa. Malamulowa amalembedwa m'Chingerezi, momwe mawu oti must amalamula pomwe should amalangiza. Mphunzitsi akamafotokozera ana m'Chichewa, mawu onse awiriwa amatuluka ngati "muyenera". Zotsatira zake gulu lina limataya nthawi potsata malangizo ngati lamulo, pomwe lina limachotsedwa mu mpikisano chifukwa linatenga lamulo ngati malangizo. Okonza mpikisano alembe poyera kuti chophwanyidwa ichi chilango chake ndi kuchotsa mapointi angati, ndipo icho chilango chake ndi kuchotsedwa mu mpikisano.

Pa magwero a mphamvu, malamulo a Rube Goldberg amaletsa moto, zophulika ndi nyama zamoyo, kotero diwa lingalowe mu mpikisano koma mbewa ayi. Chovuta ndi zinthu zimene lamulo silinazitchule. Ana a ku Golomoti akukula akuona malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe kampani ya JCM Power inatsegula mu 2022, ndipo sizingadabwitse gulu lina litabwera ndi kasola kakang'ono. Lamulo likanena za mabatire okha, kodi kasolako kaloledwa? Kataloledwa, kagwira bwanji ntchito mu holo yofolera malata? Anzawo okhala pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, komwe madzi a mtsinje wa Namikokwe amayenda okha m'ngalande, angafune kuzunguza gudumu ndi madzi. Apa lamulo linene kuchuluka kwa madzi ololedwa komanso chimene chichitike akatayikira pansi.

Pali mfundo ina imene okonza mipikisano okhala kumtunda amaiwala msanga. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Mphira umene unakungidwa mu kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Mtakataka sukoka chimodzimodzi m'mawa wozizira wa kumapiri, ndipo matabwa ndi zingwe zimasintha ndi chinyezi. Kuonjezera apo makinawo amakhala atagwedezeka pa galimoto pokwera chitunda chokhotakhota cha Golomoti. Lamulo lochotsa mapointi ophunzira akagwira makina ali mkati moyenda ndi lachilungamo, chifukwa makina okankhidwa ndi dzanja alephera ntchito yake. Koma lamuloli lisamasuliridwe ngati likuletsa kukonza makina asanayambe. Magulu onse apatsidwe nthawi yofanana yolumikiza ndi kuyesa, ndipo zidziwike pasadakhale ngati pali mwayi woyendetsa kachiwiri.

Funso loti wapanga makina ndani ndi lovuta kwambiri m'dera lino. Ku Mua, komwe ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902 ndipo Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kuli mabanja ambiri odziwa kusema. Mwana wa mmisiri akabwera ndi kanjira kosemedwa bwino kogubuduzira kampira, woweruza angakayike. Kukayika pakokha si umboni, pakuti anawa ena amagwira sompho ali aang'ono. Kumbali ina, palibe mkulu wanzeru amene angafune mwana wa Fomu 2 awotcherere yekha zitsulo pofuna kukwaniritsa lamulo. Kumasulira koyenera n'koti maganizo, kalumikizidwe ndi kuyesa zikhale za ophunzira, ndipo thandizo la akulu pa zida zoopsa lilembedwe pa fomu. Kenako oweruza afunse ana: chingwe ichi n'chifukwa chiyani chili chachitali chonchi, nanga chinalephereka n'chiyani poyesa koyamba? Amene anapanga okha sasowa choyankha.

Bungwe la Science Olympiad limayankha mafunso okhudza malamulo pa tsamba lake la intaneti, pomwe gulu lililonse lingawerenge, ndipo limaletsa kumasulira lamulo m'njira yopezerapo mwayi pa anzako. Kwa ife intaneti yokha ingakondere sukulu za m'tauni. Mphunzitsi mmodzi akaimbira foni wokonza mpikisano n'kuyankhidwa payekha, sukulu yake yapeza mwayi umene zinzake za m'mbali mwa nyanja zilibe. Yankho lililonse lilembedwe, lipatsidwe nambala ndi tsiku, ndipo lidutse ku ofesi ya maphunziro kupita kwa aphunzitsi akulu onse tsiku limodzi. Pakhalenso tsiku lotsekera mafunso, mwachitsanzo milungu iwiri mpikisano usanachitike, ndipo oweruza akumane n'kuwerengera limodzi masitepe a makina amodzi oyeserera asanayambe kupereka mapointi.