AKATSWIRI AGWIRIZANA KUTI ANTHU NDIWO ALI KUTENTHETSA DZIKO

Mu Febuluwale 2024, mwezi umene cimanga cimamasula ngayaye ndi kuyamba kubereka, mvula inadula kwa masabata angapo m'madera ambiri a dziko lino la Zambia. Pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Iwo anati mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene alimi anabzala, pafupifupi mahekitala miliyoni imodzi anapserera, ndipo maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa kotero kuti m'matauni magetsi anali kuzima nthawi zina maola oposa 20 pa tsiku.

Kuyambira pamenepo funso limene limamveka pa zitsime, pa zigayo ndi pa misonkhano ya alimi nlakuti: kodi nyengo yasinthadi, nanga wacititsa ndani? Funso limeneli akatswiri a sayansi akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 100, ndipo lero pafupifupi onse apereka yankho limodzi, lakuti dziko lapansi lili kutentha, ndipo cimene cili kulitenthetsa ndi nchito za anthu.

MPWEYA UMENE UMASUNGA KUTENTHA

Dzuwa likawomba, nthaka ndi madzi zimatentha, ndipo zimabweza kutenthako kumwamba. Mlimi amene anagonapo kudimba mwezi wa Juni adziwa kuti usiku wa mitambo umafunda, koma usiku wa nyenyezi zokhazokha ndiwo umagwetsa cisanu m'madambo, cifukwa mitambo imachinga kutentha kuti kusathawe. Mumlengalenga muli mpweya wina wochedwa carbon dioxide umene, ngakhale suoneka ndi maso, umagwira nchito yonga yomweyo usana ndi usiku. Mpweya wotere nwofunika, pakuti popanda iwo dziko lonse likadazizira mpaka madzi kuuma. Cobvuta ndi kuculuka kwace.

Mpweya umenewu umaturuka pamene anthu atentha malasha okumba pansi, petulo, dizilo ndi gasi m'mafakitale, m'magalimoto ndi popanga magetsi. Umaturukanso popanga simenti ndi pamene nkhalango zidulidwa ndi kutenthedwa. Pali mpweya winanso wochedwa methane, umene umacokera m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga ndi m'migodi ya malasha, ndipo nawonso umasunga kutentha.

NKHANI INAYAMBA KALE

Mau a akuluakulu akoma akagonera. Mu 1856 mai wina wa ku America, Eunice Foote, anaona kuti botolo lodzaza carbon dioxide limatentha kwambiri pa dzuwa kuposa botolo la mpweya wamba, ndipo John Tyndall anaonetsa ndi zipangizo zace ku London mu 1859 kuti mpweyawu umagwira kutentha. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweyawu utaculuka kawiri, dziko lingatenthe ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi. Pa nthawiyo ambiri sanalabadire.

Mu 1958 Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa mizinda. Anapeza kuti pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, magawo 315 anali carbon dioxide. Kuyezako kwapitirira kufikira lero, ndipo ciwerengeroco cakwera caka ndi caka mpaka kupyola 420. Mafakitale asanayambe, cinali pa 280. Akatswiri amene amakumba madzi oundana akalekale ku Antarctica amapeza timpweya takale totsekeredwa m'menemo, ndipo timeneti timaonetsa kuti pa zaka 800,000 za m'mbuyo ciwerengeroco sicinapitirirepo 300.

Kutentha nako kwakwera. Zaka za 2011 mpaka 2020 zinali zotentha ndi madigiri 1.1 kuposa zaka za 1850 mpaka 1900, ndipo bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization linalengeza kuti caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwapo m'mbuyo mwace. Digiri imodzi imamveka ngati kanthu kocepa, koma pa thupi la munthu madigiri awiri okha ndiwo amasiyanitsa mwana wabwino ndi mwana amene ali ndi malungo.

MBONI ZACULUKA

Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mau a munthu mmodzi. Nkhani iyinso inafuna mboni zambiri. Mu 1988 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu la akatswiri lochedwa IPCC, limene lili ndi maiko ambiri, ndipo Zambia ndi limodzi mwa iwo. Nchito ya gululi ndi kusonkhanitsa zonse zimene akatswiri apeza, kuzipenda ndi kuuza maboma zimene zatsimikizika.

Gululi silinafulumire kugamula. Mu 1995 linangoti pali zizindikiro zakuti dzanja la munthu lili kuoneka pa nyengo. Mu 2007 linati nzotsimikizika kwambiri, mu 2013 linakweza citsimikizoco kufika pa 95 mwa 100, ndipo mu 2021, akatswiri 234 atapenda zolemba za kafukufuku zoposa 14,000, linanena kuti palibenso cikaiko cakuti anthu atenthetsa mlengalenga, nyanja ndi mtunda.

Ena anawerenga mbonizo imodziimodzi. Mu 2004 Naomi Oreskes anapenda zolemba 928 za akatswiri a nyengo napeza kuti panalibe ndi cimodzi comwe cotsutsa. Mu 2013 John Cook ndi anzace anapenda zolemba pafupifupi 12,000, ndipo mwa zimene zinanenapo za cocititsa, 97 mwa 100 zinati ndi anthu. Mu 2021 gulu la Mark Lynas linapeza kuti zogwirizanazo zapyola 99 mwa 100.

Kugwirizana kumeneku sikucokera pa ulemu wa wina ndi mnzace, pakuti katswiri amachuka akapeza colakwa ca anzace. Richard Muller, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya California ku Berkeley, anali mmodzi wa okaika. Iye anasonkhanitsa anzace nayamba kuwerengeranso yekha kutentha kwa dziko kucokera pa ciyambi, ndipo mu 2012 analengeza poyera kuti dziko lili kutenthadi ndi kuti anthu ndiwo acititsa pafupifupi kutentha konseko.

KODI SI DZUWA KAPENA MAPIRI A MOTO?

Pali anthu amene amati nyengo yakhala ikusintha kuyambira kale, ndipo izi nzoona. Nchifukwa cace akatswiri anafufuza zocititsa za cilengedwe cimodzicimodzi. Kuyambira mu 1978 makina ozungulira dziko mumlengalenga akhala akuyeza mphamvu ya dzuwa, ndipo siinaonjezeke, pamene kutentha kwakwerabe. Dzuwa likadakhala locititsa, mlengalenga wonse ukadatentha pamodzi. Koma zimene zapezeka nzakuti kumwamba kwenikweni kuli kuzizira pamene pansi pano pali kutentha, monga zimakhalira kutentha kukatsekeredwa kunsi. Mapiri ophulika moto nawo amaturutsa carbon dioxide, koma wocepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 amene anthu amaturutsa pa caka.

Pali zina zimene akatswiri akali kukambirana. Sanagwirizane kwenikweni za madigiri amene dziko lidzatenthe nawo mpweyawu ukaculuka kawiri, ngakhale kuti IPCC iyesa kuti adzakhala pakati pa 2.5 ndi 4. Ndiponso kuneneratu za mvula ya dera limodzi nkobvuta kuposa kuneneratu za kutentha. Koma kukambirana za kukula kwa moto sikutanthauza kuti akutsutsana zakuti nyumba ili kupsa.

NANGA CILALA CA 2024?

Si cilala ciliconse cimene cimabwera cifukwa ca kutentha kwa dziko. Zambia inaonapo cilala coopsa mu 1992, ndipo akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza ca 2024 anapeza kuti cocititsa cacikulu cinali El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo ndi kucepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Kunena zoona kotereku ndiko kumene kumapangitsa mau awo ena kukhala okhulupirika.

Komabe El Niño wa masiku ano amapeza dziko lotentha kale. Kutentha kukakula, nthaka imauma msanga ndipo mbeu zimafota ngakhale mvula itadula masiku ocepa. David Lobell ndi anzace atapenda minda yoyeserapo cimanga yoposa 20,000 mu Africa, anapeza mu 2011 kuti kutentha kopitirira madigiri 30 kumacepetsa zokolola, ndipo kumaononga koposa pamene nthaka ilibe cinyontho. Mpweya wotentha umanyamulanso madzi ambiri, motero mvula ikabwera imagwa yamphamvu ndi kukokolola nthaka. IPCC icenjeza kuti kum'mwera kwa Africa zilala zidzaculuka pamene dziko lipitiriza kutentha.

MLIMI WA KUNO ACITE CIANI?

Africa yense amaturutsa magawo osakwana anai mwa magawo 100 a carbon dioxide wocokera ku malasha ndi mafuta pa caka. Mlimi wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi amene amalima ndi khasu ndi ng'ombe sanayatse moto umenewu, koma ndiye woyamba kumva kutentha kwace. Cifukwa ca ici maiko osauka akhala akuumirira kuti maiko olemera acepetse utsi wao monga anapanganirana ku Paris mu 2015, ndi kuti athandize amene aonongekedwa. Pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt mu 2022, pamene Zambia inali kutsogolera okambirana a maiko a mu Africa, anabvomereza kukhazikitsa thumba la ndalama zothandizira pa zoonongeka zotere.

Koma mvula siyembekeza misonkhano. Carbon dioxide amene ali kale mumlengalenga adzakhalamo zaka mazana ambiri, motero nyengo yakale siidzabwerera m'masiku a anthu amene ali ndi moyo lero. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa alimi kukonza minda mvula isanagwe, kubzala mbeu zoca msanga, kulima m'maenje osunga madzi, ndi kuleka kutentha mapesi cifukwa amaphimba nthaka kuti isaume. Amawakumbutsanso kuti asadalire cimanga cokha, pakuti mapira, mawere, cinangwa ndi khobwe zimapirira dzuwa. Mitengo ya msangu ndi gliricidia imabwezera conde m'nthaka, ndipo nkhalango yosadulidwa imasunga akasupe ndi mitsinje.

Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza caka ndi caka m'mene mvula ya dzinja ingadzagwere. Mlimi amene amvetsera ulosi umenewo pa wailesi asanagule mbeu, nafunsa mlangizi wa m'dera lace mtundu woyenera, adzakhala ndi cina coika m'nkhokwe ngakhale mvula itadulanso mu Febuluwale.