BOWA WA M'NKHALANGO ZATHU: TIMUDZIWE, TIMUSAMALE

Mau oyamba

Mvula yoyamba ikagwa, nthaka nkuyamba kufewa, amayi ndi ana amalawirira kutchire ndi malichero kukazula bowa. Nyengo imeneyi, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi imenenso chakudya chimachepa m'nkhokwe zathu. Bowa amatipatsa ndiwo pamene nyemba zisanache, ndipo mabanja ambiri amapeza ndalama ya mchere, sopo ndi makope a ana pogulitsa bowa m'mbali mwa misewu, monga tionera ku Machinga pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, ndi ku Mzimba pafupi ndi nkhalango ya Perekezi.

Koma nyengo yomweyi timamvanso mauthenga a chisoni. Banja lathunthu ligonekedwa m'chipatala, ena mpaka kumwalira, chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi. Komanso m'madera ambiri amayi akudandaula kuti masiku ano amayenda mtunda wautali asanadzaze lichero. Mavuto awiriwa tingathe kuwachepetsa ngati timvetsa kuti bowa ndi chiyani, alipo wa mitundu yanji, ndipo amamera bwanji.

1. Kodi bowa ndi chiyani?

Ambiri a ife timayesa kuti bowa ndi chomera ngati therere kapena bonongwe. Sichoncho ayi. Chomera chili ndi masamba obiriwira amene chimapangira chakudya chake pogwiritsa ntchito dzuwa. Bowa alibe masamba otere ndipo sangathe kudzipangira chakudya. Amadya zimene zapangidwa kale ndi zamoyo zina. Nchifukwa chake kuyambira chaka cha 1969 akatswiri a sayansi amaika bowa m'gulu lakelake, losiyana ndi la zomera ndi la nyama. M'gulu lomweli muli chuku amene amaononga chimanga ndi mtedza, yisiti wotupitsira buledi, ndi nkhungu imene anapangira mankhwala a penisilini.

Kafukufuku wa m'zaka zotsatira adaonetsa kuti bowa ali pachibale chapafupi ndi nyama koposa ndi zomera. Izi sizingadabwitse agogo athu, amene kuyambira kale amayerekeza kukoma kwa bowa ndi kwa nyama.

Chimene timazula ndi mbali yochepa chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera, tating'ono kwambiri, timene timayanga m'nthaka, m'chulu kapena m'chipika chowola chaka chonse. Mvula ikagwa, timaulusiti timatulutsa bowa monga momwe mtengo umaberekera zipatso. Kunsi kwa chipewa cha bowa kumatuluka timbewu tonga fumbi, timene mphepo imamwaza. Tsono kuzula bowa kuli ngati kuthyola mango: mtengo umatsala. Chimene chimapha bowa ndi kuononga malo amene timaulusi tija timakhala.

2. Momwe makolo athu amagawira bowa

Makolo athu ali ndi kagawidwe kawo. Mau oti bowa kwenikweni amatanthauza wodyedwa. Wosadyedwa ambiri sampatsa dzina, amangoti ndi chirombo. Wodyedwa aliyense ali ndi dzina lake: utenga kapena ndelema, manyame, chipatwe, nyonzwe, manda, utale ndi ena otero. Posiyanitsa amayang'ana malo omera, mtengo umene uli pafupi, mwezi, maonekedwe, fungo ndi momwe bowayo amathyokera.

Mngelezi wina, Brian Morris, adafufuza za bowa kuno kwathu ndipo adalemba buku lotchedwa Common Mushrooms of Malawi, limene lidasindikizidwa mu 1987. Iye adapeza kuti mitundu ya bowa imene Amalawi amadya ilipo pafupifupi 60, ndipo adaona kuti nzeru zimenezi zili makamaka ndi amayi. Zambiri zimene adalemba adaziphunzira kwa amayi a m'midzi.

Tichenjere ndi chinthu chimodzi. Maina amasiyana malinga ndi dera ndi chilankhulo. Dzina limodzi lingathe kutanthauza bowa wina ku Dedza ndi wina ku Mulanje. Choncho dzina lokha si umboni woti bowa ngwodyedwa.

3. Magulu atatu a bowa

Akatswiri amapatsa mtundu uliwonse dzina la Chilatini, limodzi pa dziko lonse. Kwa ife chothandiza kwambiri ndi kugawa bowa potsata kumene amapeza chakudya.

(a) Bowa wa pa mizu ya mitengo

Nkhalango zambiri za kwathu ndi zija zotchedwa miombo, mmene muli mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku. Nkhalango zotere zimapezekanso ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, Angola ndi Congo. Timaulusi ta bowa timakuta timizu tating'ono ta mitengoyi. Bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka, ndipo mtengo umampatsa shuga amene masamba ake apanga. Aliyense amadalira mnzake.

M'gulu limeneli muli mabanja anai odziwika. Cantharellus ndi banja la manyame ndi chipatwe: bowa wachikasu, wofiirira kapena wofiira, wokhala ndi mizere yotsikira pa tsinde. Abale ake a ku Ulaya amagulidwa pa mtengo wokwera. Lactarius ndi bowa amene amatulutsa madzi onga mkaka tikamthyola. Russula amakhala wa maonekedwe osiyanasiyana, ndipo amathyoka msanga ngati choko. Amanita ndi banja la utenga. Bowa wa banja ili amatuluka m'kathumba konga dzira, ndipo kathumbako kamatsalira pansi pa tsinde.

Phunziro lake nali: bowa wa gulu ili sangakhale popanda mtengo wake. Tikadula mombo ndi msuku kuti tiotche makala, manyame ndi utenga amapita nawo limodzi. Ngakhale titabzala bulugama kapena paini pamalo pomwepo, bowa wathu uja sabwerera, pakuti mitengo imeneyi ili ndi bowa wake wina.

(b) Bowa wa pa chulu

Gulu lachiwiri ndi la Termitomyces, mmene muli nyonzwe, manda ndi utale. Bowa ameneyu amalimidwa ndi chiswe. Chiswe chimatuta udzu ndi timitengo, nkumanga nazo timinda tonga zisa mkati mwa chulu. Bowa amamera pa timindato ndi kufewetsa zinthuzo kuti chiswe chithe kudya. Mvula ikagwa, bowa amaboola dothi natulukira kunja. Nchifukwa chake ambiri a gulu ili ali ndi tsinde lalitali longa muzu, lolowa pansi, ndi kansonga pakati pa chipewa. Manda ndi tibowa tating'ono timene timamera tambirimbiri pa dothi limene chiswe chatulutsa.

Bowa wodyedwa wamkulu koposa onse pa dziko lapansi ali m'gulu lomweli. Dzina lake ndi Termitomyces titanicus, ndipo chipewa chake chimatha kufika mita imodzi. Anthu a ku Zambia akhala akumudya kuyambira kale, koma sayansi idamulemba m'mabuku ake mu 1980, pamene David Pegler ndi Graham Piearce adamufotokoza. Apa tikuona kuti nzeru za kumudzi nthawi zina zimatsogola, za m'mabuku nkumatsatira.

Tikaphwasula chulu kapena kuthiramo mankhwala, timataya bowa pamodzi ndi ngumbi. Tisanatero tiziyamba taganiza bwino.

(c) Bowa wa pa zowola

Gulu lachitatu limamera pa zipika, pa masamba owola, pa ndowe ndi pa manyowa. Ntchito yake ndi kuoletsa zinthu zakufa kuti zibwerere m'nthaka ngati chonde. Ambiri ndi olimba ngati khungwa ndipo sadyedwa. Ena amadyedwa, ndipo gulu ili ndi limene munthu angathe kulima mosavuta. Bowa wa oyisitala, amene alangizi amaphunzitsa kulima m'nyumba pa mapesi a chimanga, ndi wa gulu lomweli. Manyame ndi utenga sitingawalime chotero. Munda wao ndi nkhalango basi.

4. Bowa wakupha

Utenga, amene timamkonda chotere, ali banja limodzi ndi bowa woopsa koposa onse, wotchedwa Amanita phalloides. Bowa ameneyu kwao ndi ku Ulaya, koma adafika kumwera kwa Afrika pamodzi ndi mitengo yachilendo, ndipo wapha anthu ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Akali wamng'ono amaoneka ngati dzira, monga momwe utenga amaonekera. Kuopsa kwake nkwakuti munthu sadwala nthawi yomweyo. Pamapita maola 6 mpaka 24 asanayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kenaka amaoneka ngati wachira, pamene poizoni akuononga chiwindi mwakachetechete. Patapita masiku ochepa munthu angathe kumwalira.

M'nkhalango za paini, monga pa phiri la Zomba, mumamera Amanita muscaria, wa chipewa chofiira cha mawanga oyera. Ameneyunso ngwa poizoni. Pa kapinga ndi m'minda mumamera bowa wina wamkulu, woyera, wonga ambulera, wotchedwa Chlorophyllum molybdites. Akakhwima, mizere ya kunsi kwa chipewa imasanduka yobiriwirako. Amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa, makamaka kwa ana ndi okalamba.

Pali zikhulupiriro zina zimene zatipweteketsa. Ena amati bowa amene wadyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ngwabwino. Si zoona, pakuti thupi la kachilombo ndi losiyana ndi lathu. Ena amati kuwiritsa nkutaya madzi, kapena kufutsa, kumachotsa poizoni. Izi zimathandiza pa mitundu ina yowawa, koma poizoni wa Amanita phalloides satha ndi moto kapena dzuwa. Ena amati bowa wakupha amawawa kapena kununkha. Amene adadya napulumuka amanena kuti ngwokoma. Palibe njira yachidule yoyesera bowa. Njira ndi imodzi yokha: kumdziwa bwino mtundu wake.

5. Tichitepo chiyani?

Pa banja:

Tizidya bowa yekhayo amene tikumdziwa mosakayika. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tikakayika, titaye.

Ana asapite okha kukazula bowa. Akabwera naye, munthu wamkulu wodziwa ayang'ane mmodzimmodzi asanaphike.

Tizizula bowa ndi tsinde lake lonse kuti tione ngati ali ndi kathumba pansi, ndipo tipewe timazira timene tisanatambasuke.

Tikasamukira dera lina, tifunse eni dera. Bowa wofanana ndi wa kwathu angathe kukhala wina.

Timvere chenjezo la akuluakulu losadya bowa womera pansi pa mitengo yachilendo.

Wina akadwala atadya bowa, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene adadya nawo, ngakhale akuoneka bwino. Titenge bowa wotsala kapena ndiwo zotsala kuti achipatala aone. Tisataye nthawi ndi mankhwala a kunyumba, ndipo tisafulumire kuloza chala mnansi wathu kuti watilodza.

Pa mudzi:

Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola mfumu, mogwirizana ndi a Dipatimenti ya za Nkhalango, kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi, ndipo limalola anthu kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzimo. Mu 2020 lamuloli lidakonzedwanso ndipo zilango za ootcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo zidakula. M'nkhalango za boma muli malamulo a katengedwe ka zinthu, choncho tifunse alangizi a za nkhalango tisanalowemo.

Lamulo palokha silisunga mtengo. Komitiyi ndi yathu, ndipo tili ndi ufulu ndi udindo wofunsa momwe ikugwirira ntchito. Amayi, amene amadziwa malo onse omera bowa, ayenera kukhalamo ndi kumvedwa. Pokambirana za kudula mitengo tiwerengere bwino: thumba la makala limagulitsidwa kamodzi, koma mtengo wa msuku umatipatsa masuku, bowa, ndi masamba okulungira chikwatu cha mfutso chaka ndi chaka. Zitsa za mitengo ya miombo zimaphukanso tikazitchinjiriza ku moto wolusa ndi mbuzi, choncho ngakhale malo odulidwa kale angathe kubwerera.

Pomaliza, tisalole kuti nzeru za agogo athu zilowe nawo m'manda. Mvula ikubwerayi, achinyamata apite nawo kutchire, aone, agwire, anunkhize, ndipo alembe m'kope dzina la bowa aliyense, malo ake ndi mwezi wake.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi m'dera lathu muli mitundu ingati ya bowa wodyedwa? Titchule maina ake ndi malo amene amamera.

2. Ndi bowa uti amene tinkadya kale koma lero akusowa? Chidachitika nchiyani pa malo amene ankamera?

3. Kodi mudzi wathu uli ndi nkhalango yake ndi komiti yake? Ngati ilipo, muli amayi angati? Ngati palibe, tiyambire pati?

4. Wina akadwala usiku atadya bowa, tingamfikitse bwanji kuchipatala msanga? Ndani ali ndi njinga kapena galimoto imene tingadalire?