Sakhwi si mbewa, musamuthere ndi moto

Nyengo ya chilimwe ikafika, utsi umayamba kufuka m'mapiri a ku Dedza. Anyamata amatentha tchire kuti apeze mauna a mbewa. Ngati mumakhala kufupi ndi phiri la Mphunzi, lomwe zojambula zake zakale za pamiyala zili m'dera la Chongoni limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, mukuudziwa bwino moto umenewu. Koma kodi mukudziwa kuti m'motomo mumapsanso kanyama kamene sikakudyerani chimanga?

Kanyamako ndi sakhwi. Ali ndi mphuno yaitali yosongoka imene imagwedezeka uku ndi uku, makutu akuluakulu ndiponso miyendo yakumbuyo yaitali. Akadzidzimuka amathawa chodumphadumpha. Ngakhale amafanana ndi mbewa, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti abale ake enieni ndi njovu komanso mbira za m'matanthwe.

Chakudya chake chachikulu ndi chiswe, nyerere ndi tizilombo tina timene amatipeza pofufuza ndi mphuno yake m'masamba ogwa. Sakhwi sakumba mauna ngati mbewa ndipo salowa m'nkhokwe. Amalambula tinjira take m'zitsamba n'kumatisesa kawirikawiri kuti mdani akabwera athawe mosavuta. Akaona zoopsa amamenya pansi ndi miyendo yakumbuyo.

Vuto lake lagona pa kaberekedwe. Mbewa imaswa ana ambiri nthawi imodzi, pomwe sakhwi amabereka mmodzi kapena awiri basi. Moto ukatentha zitsamba, amasowa pobisala ndipo agalu ndi mbalame zolusa zimamuona mosavuta. Tinjira take tomwe tija timathandizanso osaka kudziwa potchera misampha. Pakali pano sakhwi sali m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutha, koma malo akewo akamapsa chaka ndi chaka amatha kusowa m'dera lonse.

Zoterezi zinachitikapo ku Australia. Kumeneko kuli kanyama kodumpha kotchedwa bettong, kamene kamalerera mwana m'thumba la pamimba ngati kangaroo. Kamakumba pansi kufunafuna bowa wam'nthaka, ndipo pokumbapo kamafewetsa dothi kuti madzi alowe bwino. Mtundu wina wa bettong unatheratu kumtunda kwa dzikolo m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha kudula nkhalango komanso nkhandwe ndi amphaka amene anthu anabwera nawo. Unatsala pachilumba cha Tasmania pokha. Mu 2012 akatswiri anakaubwezera kumalo otchingidwa ndi mpanda a Mulligans Flat ku Canberra. Kubwezera nyama imene yatha kumadya ndalama zambiri kuposa kuisamala idakalipo.

Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo wa ana athu. Sakhwi amakhala ndi nkhupakupa zambiri, ndipo nkhupakupa zina zimafalitsa matenda oyambitsa kutentha thupi. Mwana akachokera kutchire, muyang'aneni m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'chiuno. Mukapeza nkhupakupa, igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono, kenako tsukani malowo ndi sopo. Akatentha thupi patatha masiku angapo, pitani naye kuchipatala ndipo mukauze adokotala za kulumidwako.

Mwana akapsa ndi moto wa tchire, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena lili kumaso, thamangirani kuchipatala. Utsi nawonso umavutitsa ana amene ali ndi mphumu.

Inu makolo ndi alangizi a zaumoyo, kambiranani ndi mafumu za kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Siyani zitsamba m'mphepete mwa minda ndi m'mitsinje. Mwana wanu akadzaona kanjira kosesedwa bwino pansi pa masamba, muuzeni kuti mwini wake ndi sakhwi, ndipo amusiye apitirize kudya chiswe.